Amayi athyoka fupa la m'chiuno, ndithandizeni maganizo

Abale ndi alongo, amayi anga a zaka 78 anaterereka m'bafa dzulo n'kugwera chammbali. X-ray yaonetsa kuti fupa la ntchafu lathyoka pakhosi pake, pafupi ndi pamene limalowa m'chiuno. Adokotala akuti zoterezi amaziona pafupipafupi kwa okalamba, makamaka amayi, chifukwa mafupa amafooka akasiya msambo.

Atiuza njira ziwiri: kumanga fupalo ndi masikuluwu, kapena kuchotsa mutu wake n'kuikapo wachitsulo. Iwo akukonda yachiwiriyi, poti fupalo lasuntha ndipo mwina magazi sakufikanso kumutuko, moti ukhoza kufa ngakhale atalumikiza bwino. Akufunanso opaleshoni ichitike pasanathe maola 48, kuti amayi asagonere pabedi nthawi yaitali n'kudwala chibayo, zilonda zapamsana kapena kuundana magazi m'miyendo.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi BP ndi shuga wawo. Alipo amene kholo lake linachitidwa opaleshoniyi lili ndi matenda amenewa? Anawagonetsa kapena anawabaya jakisoni wapamsana? Anayamba kuponda patapita masiku angati? Nanga kunyumba tikonzeretu chiyani asanatuluke?