Ndangoyamba kumene parkour koma thupi likukana, ndithandizeni

Abale anga, ndatha milungu itatu ndikuphunzira parkour, masewera odumpha makoma aja anayambira ku France. Mtima ukufuna, koma thupi ndiye ayi. Ndikadumpha kuchoka pakhoma lofika m'chiuno, mawondo amawawa mpaka mawa lake, chonsecho ndimayesetsa kutera ndi kutsogolo kwa phazi, osati chidendene. Ndikati ndidzikweze pakhoma ndi manja, mikono imangonjenjemera. Kuwerama kuti ndigwire zala za kumapazi, sindifikako.

Kodi ndiyambe ndi kuthamanga kuti kamimba aka kaphwe, kapena ndilimbitse kaye miyendo ndi mikono? Kuwongola minofu kumakhala bwino ndisanayambe kapena ndikamaliza? Nanga nsima ya madzulo ndichepetse? Ndikuopa kufooka. Inu amene munayamba kale, munkaphunzira masiku angati pamlungu kuti mawondo azipumako?