Dalaivala wa minibasi ali m'chitokosi kuyambira Lachisanu, abwana ake akuti angovomera mlandu

Loya wongoyamba kumene: Ma Counsel, maloya anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi dalaivala wa minibasi amene anagunda wa kabaza pa msewu wa M1 chakufupi ndi Lunzu Lachisanu madzulo, ndipo wa kabazayo anamwalira akupita naye kuchipatala. Dalaivalayo ataona anthu akutola miyala anathawira kupolisi. Lero ndi Lachiwiri, akadali m'chitokosi, kukhothi sanapite. Apolisi akuti akudikira lipoti la postmortem (kuyeza thupi la malemu) ndi la woyeza galimoto, komanso akuti belo sangapereke chifukwa munthuyu anathawa pamalo a ngozi. Mwini minibasi, amene akundilipira, akuti ndimuuze mnyamatayo angovomera mlandu, faindi alipira iwo, nkhani ithe. Mnyamatayo watopa, akuti chilichonse bola atuluke. Ndiyambire pati?

Senior wa ku Limbe: Yambirani pa maola 48, Counsel. Gawo 42(2)(b) la Malamulo Aakulu a dziko lino likuti womangidwa akaonekere kukhothi pasanathe maola 48, ndipo maolawo akathera tsiku lomwe khothi silikhala, apite tsiku loyamba lomwe khothi likhale. Maola a munthu wanuyo anathera Lamulungu, ndiye amayenera kuonekera dzulo Lolemba. Za postmortem zisakutsekeni pakamwa. Malipoti amenewo ndi a pozenga mlandu, sachedwetsa kumutengera munthu kwa majisitireti kuti akauzidwe chomwe akumusungira. Lembani kalata lero kwa mkulu wa pa siteshoniyo, kope kwa pulosekyuta, idindidwe ndipo alembepo nthawi yomwe ailandira. Akapanda kumubweretsa mawa m'mawa, pitani ku High Court ku Chichiri ndi habeas corpus, pempho loti khothi lilamule kuti womangidwayo abweretsedwe pamaso pake. Kawirikawiri kalata yokhayo imakwanira.

Mayi a ku Zomba: Ine chandiimitsa mutu ndi china. Mwana wanga, kasitomala wanu ndi ndani, dalaivala kapena mwini galimoto? Wolipira ndi wina, woimiridwa ndi wina, ndipo apa zofuna zawo zikhoza kusemphana. Dzifunseni chifukwa chake bamboyo akuthamangira kuti mnyamata avomere lipoti la woyeza galimoto lisanatuluke. COF ya minibasiyo, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ili bwino? Inshuwalansi sinathe? Mabuleki anali otani? Madalaivala ambiri amadandaula kwa abwana awo za mabuleki kapena matayala osalala, n'kuuzidwa kuti "kagwire kaye ya lero, tikonza Loweruka". Ngati zinali choncho, mnyamatayo akavomera ndiye kuti wasenza yekha zonse, ndipo za galimotoyo palibenso adzazifunse. Mukakamuona, mufunseni muli awiri, abwanawo asakhalepo. Muonenso foni yake ngati analemberapo uthenga wodandaula.

Wongoyamba kumene: Mayi, mwandikumbutsa. Pamene ndimalankhula naye dzulo, abwanawo anaima pakhomo pomwepo, ndipo mnyamatayo amayamba wayang'ana kwa iwo asanandiyankhe. Disiki ya COF ndinaiona pagalasi koma tsiku lake silimawerengeka bwino, yafufuma ndi dzuwa.

Mayi a ku Zomba: Ndiye kafunseni ku Road Traffic, za galimoto iliyonse zili m'kompyuta mwawo.

Woimirapo boma kale: Ndinakhalapo mbali inayo, ndiye ndikuuzeni momwe nkhani ya "anathawa" imagwera. Siteshoni iliyonse ili ndi OB, buku lomwe amalembamo chilichonse chochitika ndi nthawi yake. Pemphani nambala ya OB ya pomwe munthu wanuyo anafika. Mukapeza kuti ngozi inachitika cha m'ma 5:40 ndipo iye walembedwa kuti wadzipereka yekha 6 koloko itangokwana, mwamaliza. Wothawa mlandu sathawira kupolisi. Amajisitireti onse akudziwa zomwe gulu la anthu limachita ndi dalaivala pamalo a ngozi, minibasi zina zimatenthedwa kumene. Kondakitala mumupeze msanga asanasowe, chifukwa anyamata amenewa ngozi ikachitika amapita kumudzi osatsanzika.

Chinanso, muone chaji shiti, pepala lomwe alembapo mlandu womwe akumuzenga, ndi maso anu, musangomva za pakamwa. Kupha munthu chifukwa choyendetsa mosasamala pansi pa gawo 126 la Road Traffic Act ndi nkhani ya kwa majisitireti. Koma akalemba manslaughter (kupha munthu mosafuna) ya gawo 208 la Penal Code, mlanduwo ndi wa ku High Court ndipo ulendo wake ndi wautali.

Counsel wa ku Mzuzu: Ine ndisiyane nanu pang'ono, akuluakulu. Kuvomera sikuti nthawi zonse n'kulakwa. Ngati sikechi, chojambula cha apolisi chosonyeza pamalo a ngozi, ikuonetsa kuti minibasi inasiya mbali yake n'kukamupeza wa kabaza kunja kwa mzere wachikasu, mboni zilipo, kulimbana n'kungomutayitsa nthawi munthu. Wovomera msanga, woyamba kulakwa, khothi limamuchepetsera chilango. Tisamupatse mnzathuyu maganizo oti mlandu uliwonse ndi wokana.

Senior wa ku Limbe: Palibe wakana zimenezo, achimwene. Koma sikechiyo mwaiona? Mnzathuyunso sanaione. Chomwe ndikukana ine ndi kuvomera pofuna kutuluka m'chitokosi. Kutuluka ndi nkhani ya belo, kuvomera ndi nkhani ya umboni, zisaphatikizidwe. Belo ndi ufulu wake pa gawo 42(2)(e), ndipo Supreme Court pa mlandu wa Mvahe mu 2005 inanena kuti ndi boma loyenera kuonetsa chifukwa chomwe munthu asatulukire. Atuluke kaye, asambe, agone kunyumba, mapepala a boma abwere, ndiyeno musankhe muli phee.

Ndipo zoti "faindi tilipira" zija, ndani wawalonjeza kuti ikhala faindi? Pafa munthu apa. Khothi likhoza kupereka ndende, likhozanso kumulanda laisensi, ndipo dalaivala wopanda laisensi abwana omwewo amulowetsa m'malo sabata isanathe. Pambuyo pake abale a malemu adzasumira chipukuta misozi, dzina loyamba pa samani lidzakhala la mnyamatayo. Zonsezi azimve kwa inu m'Chichewa chomveka. Gawo 251 la Criminal Procedure and Evidence Code limafunanso kuti khothi litsimikize kuti wovomera akumvetsa zotsatira zake, koma musadalire funso limodzi la majisitireti amene ali ndi mafayilo mulu patebulo.

Woimirapo boma kale: Ma surety, anthu omuimira pa belo, akonzeni usiku uno. Awiri, abale ake enieni, abwere ndi ziphaso za unzika, odziwika pokhala. Mwini minibasi asakhale mmodzi wa iwo, angadzamugwire nayo pakhosi. Pulosekyuta akadzati moyo wake uli pachiswe kwa anthu okwiya, muyankhe kuti akakhala kwa m'bale wake dera lina, ndipo adilesiyo muipereke pomwepo.

Mayi a ku Zomba: Za maliro musaiwale. Abwanawo ngati ali ndi ndalama ya faindi, ayambe athandiza bokosi ndi ufa kusiwa, ndi umunthu ndipo khothi limamva pochepetsa chilango. Koma apite akuluakulu a kubanja, osati dalaivala, osatinso inu, ndipo pasakhale kalata yosainirana kuti nkhani yatha. Mlanduwu ndi wa boma, banja silingauthetse, ndipo mukayamba kukambirana ndi mboni mudzapezeka mukuyankha wina mlandu.

Wongoyamba kumene: Zikomo nonse. Kalata ija yalandiridwa 3:15 masana ano, ndipo pulosekyuta waimba kuti amubweretsa mawa 9 koloko pa gawo 126. OB ndaiona, analembedwa kuti anabwera yekha. Ndalankhula naye tili awiri, akuti buleki amachita kupopa kawiri kuyambira sabata yatha ndipo anawauza abwanawo pa WhatsApp. Foni ili ndi mkazi wake, ndikukaitenga pano. Senior, muli ndi chitsanzo cha kalata yowadziwitsa abwanawo kuti ine ndikuimira dalaivala yekha?

Senior wa ku Limbe: Ndakutumizirani ku inbox. Mauthengawo muwajambule ndi foni ina musanachite china chilichonse. Ndipo konzekani, fizi yotsalayo mwina simuiona.