Buku la kuchipatala la amayi linanyowa, kodi za pa kompyuta zija tingazipeze?

Admin ndibiseni dzina. Abale ndithandizeni nzeru. Amayi anga amadwala BP ndi shuga, ndipo mankhwala amalandirira kuchipatala cha boma kwathu. Pano ndinawatenga tikukhala limodzi ku Lilongwe. Vuto ndi loti buku lawo la kuchipatala linanyowa denga litadontha, masamba anamatirirana, zolemba za adokotala sizikuwerengekanso. Chomwe chikuoneka ndi ka sitika ka mizeremizere kaja amamata pachikuto akakulembetsa pa kompyuta.

Ine ndimayesa kuti akangopima ka sitikako zonse zituluka. Koma kuchipatala cha kuno anangoti gulani buku lina tiyambirenso. Amayi mayina a mankhwala sakuwadziwa, amangoti "kakang'ono koyera kam'mawa ndi kakakulu kaja ndimamwa ndikadya." Ndiye tiyambenso kuyesayesa mankhwala pa munthu wamkulu chonchi? Nanga mzere wapakompyuta uja timaimirira chiyani?

Funso langa ndi ili: ndingapite kwathu kukapempha kuti andilembere zomwe zili mu kompyutamo? China, amene amakhala pa kompyutapo ndi mwana wa m'mudzi mwathu momwemo, ndipo amayi sizimawasangalatsa. Kodi amaona zonse?

Yankho: Pepani achemwali. Makompyuta a zipatala zambiri salumikizana, chilichonse chimasunga zake. Ndipo malo ena kompyutayo imangosunga dzina, tsiku lobadwa ndi mudzi, za mankhwala zimakhala m'buku ndi m'kaundula wa kiliniki. N'chifukwa chake ngakhale a ma ARV akamasamuka amatenga kalata ya transfer. Pitani kukiliniki ya BP ndi shuga komwe amalandirirako, mukapemphe kalata yoteroyo. Buku lonyowalo musataye, nambala ya pa sitikayo iwathandiza kufufuza.

Yankho: Musanawononge thiransipoti, fufuzani m'chikwama mwawo timapepala ta pulasitiki tomwe amaikamo mapilitsi. Dzina ndi mlingo amalemba pamenepo. Azimayi athuwa sataya zinthu.

Yankho: Ufulu ulipo, koma ndi wa amayiwo, osati wanu. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024 limalola munthu kupempha kuona zomwe ena akusunga zokhudza iye, ndipo oyang'anira lamuloli ndi a MACRA. Mupite nawo limodzi ndi chitupa chawo cha unzika. Mukapita nokha akhoza kukubwezani, ndipo sakhala atalakwa. Za mnyamata wapakompyutayo, ngati anaululapo kanthu, kaonaneni ndi ombudsman wa pachipatalapo, amene amalandira madandaulo a odwala.

Wofunsa: Zikomo nonse. Sanaululepo kanthu ayi, ndi mantha chabe a amayi. Timapepala ndapeza tiwiri, kamodzi kalembedwa Metformin 500mg, kachiwiriko kafufutika. Mawa ndipita nato kukiliniki. Kodi kalata ya transfer angandipatse ndikangowaimbitsa foni amayi, kapena mpaka aonekere okha? Ulendo wa basi umawatupitsa miyendo.