Kukula kwa zithunzi m'masewero a bawo a pafoni

Wophunzira wa ku Senga Bay

Akuluakulu nonse, ndikupempha nzeru. Ndikupanga masewero a bawo a pafoni za Android pogwiritsa ntchito Godot, pulogalamu yopangira masewero, ndipo zithunzi ndinajambula ndekha: thabwa ndinalipanga la ma pixel (timadontho topanga chithunzi) 4096 m'litali ndi 4096 m'lifupi, pamene maenje 32 aja ndinawajambula lililonse palokha, la 1024 kwa 1024, pofuna kuti mizere ya mtengo izisiyana monga zimakhalira pa bawo weniweni. Pa laputopu zonse zikuyenda bwino, koma nditaika pa foni ya amalume anga, yomwe ili ndi RAM (memori yogwirira ntchito) ya 2 GB, masewerowo akumatenga nthawi yaitali kutseguka, kenaka n'kudzitseka okha tisanafese ngakhale kamwala kamodzi. Chondidabwitsa n'chakuti mafayilo a PNG onse pamodzi si aakulu kwenikweni. Kodi zithunzizi ndizichepetse kufika pati kuti zisaoneke zosawala?

Mphunzitsi wa makompyuta, Nkhotakota

Achimwene, chakusocheretsani ndi kukula kwa fayilo. PNG ndi chithunzi chopanikizidwa kuti chisunge malo, koma foni ikafuna kuchionetsa imayamba yachifunyulula, ndipo pixel iliyonse imadya ma byte 4, kutanthauza kufiira, kubiriwira, buluu ndi kuonekera mkati. Tawerengani nokha. Thabwa lanu la 4096 kwa 4096 likudya 64 MB, dzenje lililonse likudya 4 MB, ndiye maenje 32 akukwana 128 MB. Pamodzi mwafika pa 192 MB musanaikepo timiyala, mabatani ndi zilembo. Pa foni ya 2 GB gawo lalikulu limakhala litatengedwa kale ndi Android yomwe ndi mapulogalamu ena monga WhatsApp, choncho sizodabwitsa kuti masewerowo akutsekedwa.

Funso loyenera kudzifunsa ndi ili: chinthuchi chidzaoneka chachikulu motani pa sikirini ya munthu amene adzasewere? Mafoni ambiri otsika mtengo amene tili nawo kuno, a itel ndi Tecno, ali ndi sikirini ya 720 kwa 1600 kapena yoyandikira pamenepo. Mukaigoneka cham'mbali foniyo n'kundandalika maenje asanu ndi atatu pa mzere umodzi, dzenje lililonse silingapose ma pixel 200, ndipo mukasiya malo m'mphepete litsika kufika cha m'ma 170. Ngakhale pa foni yapamwamba ya 1080 kwa 2400, dzenjelo silipitirira 300. Ndiye chithunzi cha 256 kwa 256 n'chokwanira, ndipo chimadya kotala chabe ya MB imodzi. Maenje 32 osiyana ndi ntchito yongodzitopetsa nayo. Jambulani atatu kapena anayi, muziwabwereza ndi kuwatembenuza, palibe adzazindikire. Thabwa lichepetseni likhale la 2048 kwa 1024, lomwe ndi 8 MB, poti bawo ndi wautali mbali imodzi ndipo theka la chithunzi chanu chija silimaoneka n'komwe.

Koma musafafanize zithunzi zikuluzikulu zija. Zisungeni padera, chifukwa kuchepetsa chithunzi n'kosavuta pamene kukuza chaching'ono kumachiwononga.

Mayi wojambula, Salima Boma

Ndikugwirizana ndi aphunzitsi pa masamu onsewo, koma ndikusiyana nawo pang'ono ngati mfundo yochepetsayo ingafalikire pa chilichonse. Wosewera bawo sayang'ana mizere ya thabwa. Maso ake amakhala pa timiyala, kuwerenga kuti akafesa kuchokera apa akathera pati. Dzenje la ma pixel 170 likadzaza timiyala khumi ndi tiwiri, kamwala kalikonse kamakhala kakang'ono kwambiri, ndipo ndinaonapo bambo wina wachikulire pa siteji ya minibasi ya Kamuzu Road akutseka dzuwa ndi chikhatho, foni ataiyandikiza pamphuno, pofuna kungowerenga uthenga. Munthu wotere ndi amene mukumupangira masewerowa. Choncho thabwa mukhoza kulichepetsa mopanda chisoni, koma timiyala tijambulidwe toyera bwino, ta 64 kwa 64, tokhala ndi mzere wakuda m'mphepete, ndipo pambali pa dzenje lililonse pakhale nambala yosonyeza kuchuluka kwake. Nambalazo zisakhale zithunzi. Zilembedwe ndi font, kutanthauza zilembo za pa kompyuta, kuti zizioneka zakuthwa pa sikirini iliyonse.

Pali njira ina yopanikizira zithunzi kuti zikhalebe zazing'ono ngakhale mu memori, monga ETC2, yomwe imatsitsa chithunzi cha 2048 kwa 2048 kuchoka pa 16 MB kufika pa 4 MB. Pa thabwa imagwira bwino ntchito poti mtengo umabisa zilema, koma pa timiyala ndi mabatani imasiya timadontho m'mphepete, ndiye pamenepo siyani pa Lossless, njira yosawononga maonekedwe a chithunzi, monga Godot imachitira yokha pa zithunzi za 2D.

Chomaliza, sikirini sizifanana maonekedwe: zina ndi 16:9, zina ndi 20:9. Mu Godot, pa zosankha za Stretch, zomwe zimatambasula masewero kuti akwane pa sikirini, ikani canvas_items ndi expand, maenje akhale pakati, m'mbali mukhale thabwa lopanda kanthu loti likhoza kudulidwa popanda kusokoneza masewero.

Wophunzira wa ku Senga Bay

Zikomo kwambiri aphunzitsi ndi amayi. Usiku wathawu ndachepetsa thabwa kufika pa 2048 kwa 1024 ndipo maenje ndatsala ndi anayi a 256. Tsopano masewerowo akutseguka pa foni ya amalume, tasewera katatu m'mawa uno pansi pa mtengo wa mango ndipo andigonjetsa konse. Chomwe adandaula n'chakuti nambala ndinaziika zofiirira, moti padzuwa zikusakanikirana ndi mtundu wa thabwa, ndiye madzulo ano ndizisintha zikhale zoyera ndisanawapatsenso foniyo.