Thandizeni abale, tomato wanga akuola kunsi asanapse

Membala wosatchula dzina: Moni nonse pagulu pano. A admin chonde musandichotsere, mutu waima. Ndinadzala tomato wa Tengeru m'matumba a simenti kuseri kwa nyumba kuno ku Area 25. Poyamba anali wobiriwira bwino moti odutsa amaima n'kumafunsa. Chiyambireni kutentha kwa Okutobalaku maluwa akungoyoyoka, ndipo zipatso zomwe zagwira zikuda kunsi kwake ngati wina wazitentha ndi ndudu. Alandilodi anandiuza kale kuti matumbawa akuipitsa pakhomo, ndiye akaona zafota ndidzayang'ana kuti? Nkhuku za aneba nazo sizikhala m'khola, ndayankhula mpaka kutopa, mayi mwini nkhukuzo amangoti nkhuku sidziwa malire. Bambo a kunyumba akuti ndangotaya ndalama, bola ndikanamagula wa pamulu kumsika. Bilu ya madzi mwezi uno ndiye musanene. Ndipopere mankhwala anji?

Mlimi Weniweni: Anthu a m'tauni vuto lanu ndi limeneli, kalikonse MANKHWALA! Nthaka munaipha ndi feteleza. Pangani manyowa a Mbeya mayi: madeya, phulusa, zitosi za nkhuku zouma ndi feteleza pang'ono, muwaze madzi, mumange m'thumba la pulasitiki masiku 21. Ine chiyambire sindinaolerepo tomato.

Mnyamata wa ku Ndirande: Madala, mukunyoza feteleza chonsecho mu Mbeya wanuyo muli feteleza yemweyo?

Mlimi Weniweni: Iwe unagwirapo khasu? Ndati PANG'ONO. Uziwerenga kaye usanayankhe akuluakulu.

Mayi a ku Bvumbwe: Achemwali, musataye ndalama pa mankhwala, kuda kunsiko si matenda opopera. Chipatso chikusowa calcium, mchere wina umene mbewu imatenga m'nthaka, ndipo nthawi zambiri m'dothi amakhala alimo, koma amayenda ndi madzi. Dothi likauma gwa lero, mawa n'kulikhuthulira ndowa yonse, chipatso chimaola chomwecho. Thumba limauma msanga kuposa bedi. Mumathirira kangati, ndipo nthawi yanji?

Wa ku Lizulu: Mwandikumbutsa zowawa. Ine chaka china tuta, kachilombo koononga tomato, anandimalizira dimba lonse, nditakongola ndalama za mbewu ku banki m'khonde. Kambozi kake kamalowa m'kati mwa tsamba, kupopera pamwamba osakapeza. Ena akukweza madengu pamsewu kupita ku Lilongwe, ine ndili manja m'khosi. Ngongoleyo ndinabweza pogulitsa mbuzi. Tomato ndinasiya, panopa ndili pa kabichi.

Gogo Wanu: Aneba a nkhukuwo muwayang'anitsitse bwino mwana wanga, si onse amakondwa mnzawo akamadya zakumunda kwake.

Mnyamata wa ku Ndirande: Kkkk agogo, afiti a masiku ano afika potamba tomato wa m'thumba la simenti?

Mlimi Weniweni: Palibe za ufiti apa, palibenso za calcium za m'mabukuzo. Makolo athu ankalima tomato asanamvepo mawu amenewo. MANYOWA basi! Ndipo matumba a simenti ndani anakuuzani? Kumbani pansi, mbewu imafuna nthaka.

Mayi a awiri: Bambo inu, munthu wanena kuti ali pa lendi, akumbe pakhomo pa eni ake? Ena tilibe malo, matumba omwewo ndi amene akutidyetsa repu ndi mpiru. Sisi, sinjani makoko a mazira muthire patsinde, ine ndimatero.

Mayi a ku Bvumbwe: Makoko a mazira amachedwa kuola, tomato amene wabereka kaleyu sangamupulumutse. Thothani zipatso zakudazo, sizichira. Phimbirani pamwamba pa thumba ndi udzu wouma, muzithirira m'mawa uliwonse mofanana mpaka madzi ayambe kudontha kunsi. Ngati munathira yuleya wambiri lekani, amakulitsa masamba n'kuonjezera vutoli. Maluwa kuyoyoka ndi dzuwa, makamaka ngati matumba ali pasimenti kapena pafupi ndi khoma lotentha masana.

Mphunzitsi wopuma: Mutembenuzenso tsamba muone kunsi. Mukapeza timadontho tofiira toyenda ndi kaukonde kopyapyala, ameneyo ndi kangaude wofiira, nyengo yake ndi ino yotentha ndi youma. Masamba a nimu osinja, kuwaviika usiku wonse, kusefa, kuthira sopo pang'ono, kupopera madzulo kunsi kwa masamba. Koma achinyamata a lero safuna kumva, akufuna za m'botolo.

Mlimi Weniweni: Apo aphunzitsi mwanena zoona. Koma mbewu yodya manyowa kangaude saiyandikira.

Mphunzitsi wopuma: Ayi bambo, pamenepo musanamize anthu. Amaigwira ndithu.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Agogo mwalasa, chifukwa dzulo lomweli nkhuku zija zinafukula thumba limodzi mayi ake akuonerera, osathamangitsa n'komwe. Ndikauza alandilodi akuti tikambirane tokha. Ndiye dzina la mankhwala aja palibe amene akulidziwa?

Mayi a ku Bvumbwe: Achemwali, ndafunsa kale: mumathirira kangati?

Mlimi Weniweni: Mayi, bwerani ku inbox ndikuuzeni miyezo ya Mbeya. Zitosi za nkhuku za anebazo muzitola, ndi chuma chimenecho.