Ndikuyamba ntchito yokasiya katundu m'makomo, ndithandizeni nzeru

Dalaivala watsopano:
Abale anga, Lolemba likubwerali ndikuyamba ntchito yoyendetsa galimoto yokasiya maphukusi m'makomo ndi m'maofesi. Laisensi ndili nayo, koma ntchito yotereyi sindinaigwirepo. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti katundu amachuluka pomwe nthawi ndi yochepa. Amene munaigwirapo, ndiyambire pati?

Mkulu wa vani:
Achimwene, tsiku lonse limakoma kapena kuipa pa nthawi yopakira. Musanalize galimoto, onani kaye ndandanda ya malo omwe mukupita. Phukusi lokasiya koyamba likhale pafupi ndi chitseko, lomaliza mkati mwenimweni. Zolemera pansi, zosachedwa kusweka pamwamba, ndipo mumange bwino kuti zisagubuduzike mukaponda buleki. Werengani katunduyo musanasaine, chifukwa kakasowa kamodzi adzafunsa inuyo. Ine m'mawa uliwonse ndimaona matayala, oyilo ndi madzi, ngakhale abwana akundifulumizitsa.

Mayi woyendetsa:
Samalani msana, mwanawe. Ponyamula bokosi lolemera pindani mawondo, musawerame, ndipo liyandikitseni kuthupi. Nsapato zikhale zosaterereka.

Wapamsewu:
Foni ndiye khasu lanu, choncho chaja ya m'galimoto isasowe. Imbirani mwini katundu mukayandikira, poti GPS (mapu a pafoni olondolera njira) nthawi zina imasocheretsa, koma imani kaye pambali, osaimba mukuyendetsa. Mukatsika, ngakhale kwa kamphindi, zimitsani ndi kukiya galimoto. Pageti gogodani kaye, kumakhala agalu.

Dalaivala watsopano:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga mwiniwake ndikapanda kumupeza?

Mkulu wa vani:
Musangosiyira aliyense amene mwamupeza. Imbirani ku ofesi akuuzeni chochita, ndipo lembani nthawi yomwe munafika.