Mayi akungodontha mkodzo atamuchotsa chiberekero, tithandizane anzanga

Namwino wa ku health centre:
Mwadzuka bwanji nonse. Ndili ndi mayi wa zaka za m'ma 40 anamuchotsa chiberekero chifukwa cha ma fibroid (zotupa za m'chiberekero), lero tsiku la 12. Kuyambira Lachisanu akungonyowa usana ndi usiku, zitenje zonse zatha ndiye ndi kuzizira kwa kuno ku Mzuzu sizikuumanso. Kwina anampatsa cipro (mankhwala opha tizilombo) akuti ndi UTI (matenda a m'njira ya mkodzo) koma palibe chasintha. Chikundizunguza mutu nchakuti akapita kutoileti akukodzanso bwinobwino. Ndipange bwanji?

Sister wa ku gynae:
Iii mwana wanga, cipro satseka bowo. UTI munthu amakodza pafupipafupi, amamva kuwotcha, osati kungotayikira osamva kanthu ngakhale ali mtulo. Zikayamba sabata imodzi kapena ziwiri chichitireni opaleshoni ganizani fistula kaye, bowo lomwe mkodzo umadutsira nkumatulukira kunjira ya amayi. Chikhodzodzo chimakhala chogundana ndi khomo la chiberekero, ndiye pochisendeza paja chikhoza kuvulala kapena kugwidwa ndi ulusi, malowo amafa pang'onopang'ono kenako nkubooka, nchifukwa chake tsiku loyamba simuona kanthu.

Clinical officer:
Zoona Sister. Madam pangani dye test pompo musadikire. Ikani katheta (kapaipi kotulutsira mkodzo mchikhodzodzo), lowetsani gauze woyera kunjira ya amayi, thirani methylene blue (mankhwala a buluu) wosungunula pafupifupi 200ml mchikhodzodzo, tsekani katheta ayendeyende pang'ono. Gauze akatuluka wa buluu ndiye kuti bowo lili pachikhodzodzo.

Namwino wa ku health centre:
Methylene blue tilibe achimwene, GV yekha (gentian violet, mankhwala a pepo aja).

Clinical officer:
GV yemweyo koma musungunule kwambiri, mtundu uzingooneka basi.

Mzamba wa night:
Ikapezeka kuti ndi yachikhodzodzo katheta musachotse chonde, kabowo kakang'ono katsopano nthawi zina kamatsekeka kokha mkodzo ukamatsika osaima masabata 4 mpaka 6. Azimwa madzi ambiri. Amayi ambiri amasiya kumwa kuti asamanyowe, ndiye mkodzo umakhala wakupsa, fungo, zilonda m'ntchafu, katheta nkutsekeka. Vaseline kapena zinc oxide azipaka pakhungupo.

Namwino wa ku health centre:
Ndapanga. Gauze wanyowa ndithu koma woyera mbee, mtundu palibe olo pang'ono. Ndabwerezanso chimodzimodzi. Ndiye si fistula eti?

Sister wa ku gynae:
Ayi ayi musamubweze kunyumba. Wanyowa ndi chani ngati dye sanadutse? Mkodzo umenewo sukuchokera mchikhodzodzo, ukuoneka kuti ukutuluka pa ureter, kapaipi kochokera ku impso kaja. Kamadutsa pafupi kwambiri ndi mtsempha wamagazi wa chiberekero pomwe amamanga ulusi. Ndi chifukwa chake akukodzabe bwino, impso inayo ikudzadzabe chikhodzodzo pomwe mbali yovulalayo ikutayira kunja. Mufunseni ngati akumva kuwawa m'nthiti kumsanaku, komanso temperature ili bwanji?

Namwino wa ku health centre:
37.9, ndipo akuti kumanzere kukumuwawa kuyambira ali kuwodi, ankangoti ndi bala la opaleshoni.

Clinical officer:
Basi ameneyo ndi wa lero lomwe, Mzuzu Central. Apa katheta sathandiza chifukwa bowo lili kumtunda. Akufunika scan aone ngati impso yatupa, ayeze magazi, creatinine (yoonetsa mmene impso zikugwirira ntchito) ndi full blood count, madokotala aone ngati nkuika stent (kapaipi kolowetsa mkati mwa ureter) kapena kutsegulanso nkulumikiza ureter ku chikhodzodzo. Mkodzo wotsekeredwa kuphatikiza kutentha thupi, impso ikhoza kuonongeka ndipo sepsis (tizilombo kufalikira m'magazi) sichedwa. Pa referral lembani tsiku la opaleshoni, tsiku lomwe anayamba kudontha, mankhwala omwe wamwa ndi zotsatira za dye test, asakayambirenso ku UTI.

Mzamba wa night:
Ndipo mukhale naye pansi mumuuze kuti zimachiritsika. Ena akamva fistula amangoganiza za uchembere wovuta, ena mpaka ufiti, bambo akunyumba nawonso amve kuti si matenda opatsirana. Zikafuna akatswiri ena kuli Bwaila Fistula Care Centre ku Lilongwe, koma zimenezo akanene aku Central.

Namwino wa ku health centre:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndamufotokozera pamodzi ndi mchemwali wake, analira koma wavomera. Drip ndaika, kalata ndalemba, ambulansi akuti ibwera ikatula wodwala wina. Sister mukhala muli pa duty masanawa?

Sister wa ku gynae:
Ndilipo mpaka 4. Akangonyamuka mundiimbire ndidziwitse adokotala.